Nang'omba pa Zenera la a Filipo

Lilongwe, 18 Seputembala 2022

Wokondedwa mng'ono wanga Rakele,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu a Moffat ndi ana. Abambo adzuka bwanji masiku ano? Kuno ndili bwino, kungoti kwatentha. Ndalemba kalata m'malo moimba foni kuti nawonso abambo awerenge okha. Ukudziwa kuti chigonthereni makutu awo, nkhani za pafoni amangozimvera kwa ena, ndipo amadandaula kuti mumawapatsa makoko okhaokha. Kalatayi ndapatsira a Susana ogulitsa tomato aja pobwerera kumudzi.

Ntchito ija ndaipeza. Bungwe lina loona za nyama zakutchire likuchita kalembera wa anang'omba m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ndipo anditenga kukhala m'gulu la owerenga. Usaseke. Ndikudziwa kuti kwathu munthu wowerenga mbalame amamuyesa kuti mutu sukuyenda bwino. Koma mbalame imeneyi ikutha, Rakele. Imafuna mtengo waukulu wa mphako kuti iikiremo, ndipo mitengo yotero inathera m'zigafa za fodya ndi m'matumba a makala. Imaberekanso mwaulesi. Banja lonse la anang'omba anayi kapena asanu limalera mwana mmodzi yekha, nthawi zina patapita zaka zingapo. Wamkazi amaikira mazira awiri, koma amadyetsa woyamba kuswa. Wachiwiriyo amangosiyidwa mpaka afe ndi njala.

Tsono ndikufuna undithandize. Anang'omba aja a pa mkuyu wa kudambo, kumunsi kwa munda wa abambo, akalipo? Alipo angati? Usawayandikire, ungowawerengera patali. Wamwamuna khosi lake ndi lofiira lonse, wamkazi ali ndi kabuluu pansi pa mlomo. Akuluakulu a ntchito akuti tikapeza chisa chamoyo ngakhale chimodzi, adzakhala pansi ndi eni malo kuti mtengowo utetezedwe. Tikalephera, adzalemba kuti anang'omba anatha m'mapiri athu, ndipo ntchito idzasamukira kwina. Ine sindikufuna dzanja langa lilembe mawu amenewo za kwathu.

Magalasi a mazenera ndinatumiza aja anafika osasweka? Ndikufuna chipinda cha abambo chiziwala, asamagone mumdima ngati ali m'nkhokwe. Alamu awaike mvula isanayambe.

Ndine mkulu wako,
Talandira


Msakambewa, 9 Okutobala 2022

Achemwali,

Moni wa kuno. Ife tilipo, ana alipo, a Moffat ali kalikiliki ndi nazale ya fodya. Kalata yanu tinalandira, ndipo ndinaiyeza ndi chala: abambo munawapatsa mizere iwiri, mbalame munazipatsa tsamba lonse. Ndiye ine ndiyamba ndi abambowo.

Sakuyendanso. Chigwereni kutchalitchi mwezi wa Ogasiti uja, mwendo ndi dzanja lakumanzere sizinabwerere. Kuchipatala anatipatsa mankhwala n'kutiuza kuti tiziwatembenuza kuti asatuluke zilonda. Wowatembenuza ndine. Wowasambitsa ndi a Moffat, amene ena amangowati mkamwini. Kudya akudya pang'ono, phala ndi mbatata, koma mutu uli bwinobwino. Kalata yanu anaiwerenga kawiri, ndipo nditawalembera pa pepala kuti mwana wanu wapenga, anandidzudzula. Akuti kuwerenga zolengedwa za Mulungu si misala, ndi utumiki. Nanga mkulu wa mpingo n'kukangana naye?

Magalasi anafika. A Moffat anawakhomerera okha m'mafelemu, ndiye satseguka, koma kuwala kukulowa. Tinasuntha bedi la abambo kuti aziona panja. Mudzi wonse unabwera kudzadziyang'anira, mpaka azakhali a Debora anakonzera duku lawo pa zenera lathu popita ku Mvano.

Anang'omba anu alipo asanu. Pali wamkulu mmodzi wa khosi lofiira kwambiri amene amatsogola ngati wapampando, wamkazi mmodzi, ndi ena atatu otsatira. Masiku ano sakutherera kudambo kokha, akumafika mpaka pakhomo m'mawa uliwonse. Ndingonena zimenezo.

Za mazira awiri zija simunandiuze chachilendo. Zoti woyamba amadyetsedwa, wachiwiri n'kumangoyang'ana, ndinazidziwa kalekale, ndipo sindinaziphunzire kwa mbalame. Fizi itakwanira mwana mmodzi, inu munapita ku sekondale, ine ndinapita kudimba. Sindikudandaula ayi, ndikungokukumbutsani.

Mukapeza sopo ndi mafuta odzola abambo mupatsire a Susana. Mubwera liti?

Mng'ono wanu,
Rakele


Ntchisi Boma, 30 Okutobala 2022

Rakele wanga,

Uli bwanji? Abambo zilonda sizinayambe? Sopo ndi mafuta ndatumiza, pamodzi ndi shuga wa m'phala. Za sekondale ndamva. Ndilibe yankho lokwana pa pepala, tidzakambirana maso ndi maso.

Kalata yako inandipeza nditafooka, ndiye sungadziwe mmene inandidzutsira. Ntchito yathu imayenda chonchi. Timalawira mbandakucha, timakwera pamtunda, timaika sipika pamwala n'kuliza mawu a nang'omba amene anajambulidwa kale, kugunda kuja kokhala ngati ng'oma yakutali. Ngati pafupi pali banja, wamwamuna amayankha, poyesa kuti mnzake walowerera malo ake. Tikatero timakhala chete n'kutchera khutu. Tazungulira mbali yonse ya nkhalango ya Ntchisi, tatsikira ku Malomo, tabwerera, koma wotiyankha ndi atambala a m'midzi basi. Paliponse okalamba amatiuza mawu amodzimodzi, akuti analipo. Gogo wina anatiperekeza mpaka pa chitsa cha mtengo umene ankaikiramo, anakhalapo n'kutifotokozera zonse bwinobwino ngati akunena za malemu mbale wake. Tsiku limenelo ndinalira m'galimoto, anzanga anayesa ndi fumbi.

Ndiye iwe ukuti asanu, ndiponso akufika mpaka pakhomo! Ndinawerengera gulu lonse mzere umenewo. Ndiye kuti kwathu anthu sawavutitsa, azolowera, akuyenda momasuka. Ndinanyada ngati anang'ombawo ndinawalenga ndine.

Ndikanathamangira kumeneko mawa, koma galimoto ndi imodzi ndipo mbali ya Dowa anaiika kumapeto. Komanso pakati pa Novembala akunditumiza ku Joni miyezi iwiri kukaphunzira kwa anthu amene akhala akulondola mbalame imeneyi zaka zambiri. Tidzafika kwathu mu Febuluwale, nthawi imene mwana amakhala ali m'mphako. Pakadali pano undiyang'anire chinthu chimodzi: ukadzaona kuti wamkazi sakuyenda ndi anzake, ndiye kuti walowa m'chisa. Ukalemba, a Susana azisiya kalata ku ofesi yathu ku Lilongwe, anzanga azindijambulira pafoni.

Uwagwire dzanja abambo m'malo mwanga.

Talandira


Msakambewa, 13 Novembala 2022

Mwana wanga Talandira,

Chisomo ndi mtendere zikhale nawe kumene ukupitako. Ndalemba ndekha ndi dzanja limene Ambuye anandisiyira, ndiye ukhululukire zilembo zokhota. Ine ndilipo. Thupi ndi nyumba yakale, koma mwini nyumba akalimo. Rakele ndi amuna ake akundisamala koposa mmene ndinawasamalira ine.

Ndafuna ndikuthokoze chifukwa cha zenera. Iwe unaganiza kuti wanditumizira kuwala, koma wanditumiziranso mlendo. Ukudziwa kuti kuyambira ndili mnyamata ndinkadzala chimanga pomvera nang'omba. Akayamba kugunda kudambo, ndinkauza mayi ako kuti atulutse mbewu. Makutu atagontha, chimene chinandiwawa kwambiri si nyimbo za m'tchalitchi, poti zimenezo ndimaziimba mumtima, koma kugunda kumene kuja. Ndinkangoona ena akuloza kudambo.

Tsopano m'mawa uliwonse wamkulu wa anang'omba aja amabwera pa zenera langa lenileni. Amaima pa mulu wa njerwa zotsala zija n'kundiyang'ana. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti ali ndi nsidze zazitali ngati za ng'ombe. Khosi lake limafufuma, ndipo ndikaika chikhato changa pa galasi ndimamva kunjenjemera kwa mawu ake m'dzanja. Ndiye kuti ndayambanso kumumva, mwana wanga. Akatero amagogoda ndi mlomo, mwamphamvu ndithu, ngati munthu wodziwa kuti mwini nyumba ndi wogontha.

Pogogodapo galasi limodzi la pabalaza linasweka, lina lang'aluka. Rakele anati ndisakuuze, akuti udandaula poti unagula modula. Koma ine sindinazolowere kubisa, ndipo ndikudziwa kuti pakati pa galasi ndi mbalame iwe usankha mbalame. Mlongo wanga Debora akuti ndi malodza, mbalame yogogoda pa zenera la wodwala ikuitana maliro. Ndinamuuza kuti chakudza sichiimba ng'oma, koma uyu amaimba, ndiye si imfa ayi. Sanaseke.

Wamkazi sanaoneke kuyambira Lachitatu. Rakele akuti anzake akumanyamula achule ndi abuluzi kupita nawo ku mkuyu. Ulembe m'mabuku ako kuti kwa Filipo kuli chisa.

Ambuye akusunge pa ulendo.

Ndine bambo wako,
Filipo


Ku Joni, 3 Disembala 2022

Rakele,

Moni ndipereka pambuyo, uyambe wawerenga izi. Kalata ya abambo yandipeza lero, inakhalitsa ku ofesi. Ndaimba foni ya alamu kambirimbiri. Poyamba imaitana osayankhidwa, tsopano siikupezekanso, ndipo mauthenga anga sakufika. Ndiye ndajambula kalata ino kutumiza kwa Kezia msuweni wathu ku Dowa Boma kuti aisindikize akupatsire.

Nang'omba uja sakubwera kudzaona abambo. Akudziona yekha m'galasi n'kumayesa kuti ndi wamwamuna wina amene walowa m'dera lake pamene mkazi wake ali pa mazira. Akumenyana ndi chithunzi chake, ndipo sasiya mpaka magalasi onse athe kapena adzivulaze. Kuno andionetsa masukulu amene anthu anapha banja lonse chifukwa cha mazenera. Chimenechi ndicho ndikuopa.

Mankhwala ake ndi osavuta. Mutenge matope, mupake magalasi onse kunja kwake, mokhuthala, kuti munthu asadzionenso. Mvula ikatsuka mupakenso. Akabwera n'kupeza mdani wake kulibe, abwerera kudambo. Mulu wa njerwa uja muuchotse. Chonde wina aliyense asamugende, asamutchere, asamuthire kanthu. Za magalasi osweka musade nazo nkhawa ngakhale pang'ono, ndi zinthu zogula.

Ukanandiuza mu Okutobala muja kuti akufika pakhomo kudzatani. Nanenso ndikanafunsa m'malo monyada.

Abambo uwafotokozere mofatsa, ndikudziwa kuti ziwawawa. Moni kwa onse.

Talandira


Msakambewa, 27 Disembala 2022

Achemwali,

Tilipo, koma si bwino. Kalata yanu inafika dzana, tsiku la Khirisimasi. Kezia sanaiwerenge, poti ndi kalata ya eni. Anayesa ndi moni wa nyengo ino, ndiye anaisunga m'chikwama kuti adzatipatse yekha pobwera kudzadya nafe mpunga. Musamukalipire, walira kale mokwanira.

Inafika mochedwa. Nang'omba wamkulu uja anafa sabata yapitayo, pamodzi ndi mmodzi wa otsatira aja. Anawapha ndi a Moffat. Ndikuuzani mmene zinayendera, kenaka muweruze nokha.

Magalasi osweka anafika atatu. Tinatseka ndi makatoni, mvula n'kumalowabe. Azakhali a Debora anali pakhomo tsiku ndi tsiku, ndipo sanali okha. Kumjigo amayi ankasiya kulankhula ndikafika. Ena anayamba kunena kuti mkamwini akuilekerera dala mbalameyo, akufuna mwini munda apite msanga. Munthu amene amawanyamula abambo pamsana kupita nawo kubafa, kumunenera zotero. Ali mkati momva zimenezo, foni yawo inayamba kuitana, nambala yakunja. Anadziwa kuti ndinu, ndipo anati basi, abambo aulula za magalasi, alamu akufuna andifunse chimene ndikulephera kusamala katundu wawo. Mmene munkaimbira mobwereza, iwo ankaona kukula kwa mkwiyo wanu. Anaithimitsa foniyo n'kuiika pansi pa sutikesi. Ine ndinaona, sindinawaletse, chifukwa nanenso ndinkaganiza chimodzimodzi.

Kenaka anakumba mbewa, anazithira mankhwala a ku nazale ya fodya, n'kuziika pa mulu wa njerwa. Ine sanandiuze. Ndinangopeza mbalame ziwiri zili gone kuseri kwa khola, wamkulu uja mapiko atatambasuka, oyera kunsonga. Sindinkadziwa kuti ndi wamkulu chotero. Mbewa zotsala ndinazikwirira mozama pamodzi ndi mbalamezo. Safunsa anadya phula, achemwali, koma phula limeneli tadya tonse.

A Moffat atawerenga kalata yanu, pamene munalemba kuti magalasi ndi zinthu zogula, anatuluka panja. Ndinawapeza kudambo akukanda matope ndi manja. Apaka mazenera onse, chifukwa mmodzi wa otsalawo, wamwamuna wachinyamata, anali atayamba kale kuzungulira pakhomo. Dzulo anabwera, anayang'anayang'ana, n'kubwerera. Mankhwala anu ndi oona.

Atsala atatu. Wamkazi akali m'mphako, ndipo awiriwo akumupititsirabe chakudya.

Abambo sitinawauze. Ndinawalembera kuti matopewo ndi oletsa mphepo, ndi kuti mlendo wawo mwina wapita kukasaka kutali. M'mawa uliwonse amaika chikhato pa galasi n'kudikira. Zikundiwawa kuposa mmene ndingalembere.

Rakele


Msakambewa, 22 Januwale 2023

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Simunayankhe. Foni ya a Moffat ndi yoyatsa tsopano, amaitenga ngakhale kumunda, koma siinaitane. Ngati mwatikwiyira, kwiyani, muli ndi chifukwa. Koma izi muyenera kuzimva.

Abambo ayamba chifuwa, ndipo akuonda. Chipinda chawo chili mdima ngati mmene chinalili musanatumize magalasi, mwina kuposa. Tinaganiza zochotsa galasi lonse kuti aziona panja, koma ndi mphepo ya mvula ino sizingatheke. Ngakhale pakhonde sitikuwatulutsanso.

Lamulungu lapitali, anthu atapita kutchalitchi, anandiitana. Anati, "Rakele, ine ndine wogontha, si wopusa. Mphepo siilowa pa galasi. Kachotse matope aja, mlendo wanga akabwera andiona bwanji?"

Ndinatenga pepala kuti ndiwalembere bodza lina, koma dzanja linakana. A Moffat anali pa khomo la chipinda, anamva zonse. Analowa, anagwada pafupi ndi bedi, anandilanda pensulo n'kulemba okha. Analemba kuti, "Anafa. Ndinamupha ndine, apongozi." Kenaka ndinawapatsa abambo kalata yanu ya ku Joni ija, ndipo ndinawayatsira tochi kuti aone, masanasana.

Anawerenga pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Atafika poti mbalameyo inkadziona yokha, anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Ndiye ankabwerera nkhondo, ine n'kumati akubwerera ine. Komabe ankabwera." Misozi inkatsikira m'makutu poti anagona chagada.

Kenaka anafunsa, "Atsala angati?"

Ndinawaonetsa zala zitatu.

"Wamkazi akali m'mphako?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Ndikachotsa matope, winayo abwera pa zenera?"

Ndinavomeranso. Ndinalemba kuti tingathe kupukuta kagawo kakang'ono kokha, ngati chikhato, kuti aziona kunja. Anakana. Anati kagawo kokwana diso la Filipo ndi kokwananso diso la nang'omba. Anati, "Walira mvula walira matope. Ndinalira mbalame zimenezi zaka zonsezi, ndiye matope ake ndi anga. Ine ndaona zokwanira. Matopewo asachoke mpaka mwana atatuluka."

A Moffat anali chigwadire. Abambo anawagwira pamutu ndi dzanja labwino lija n'kunena kuti, "Manja amene anathira mankhwala ndi omwewo amandisambitsa. Dzukani, mukandiikire madzi pamoto." A Moffat analira ngati mwana, ndipo ine sindinawaonepo akulira chikwatiraneni.

Azakhali akuti onani, mbalame inafa koma matenda akukula, malodza anali atagwira kale. Sindikuwayankhanso.

Wamkazi uja wayamba kutuluka m'mphako nthawi zina, ndipo atatu onsewo akumabwerera ku mkuyu ndi ziwala ndi nkhono kumlomo. Ndikuganiza kuti mwana waswa. Koma sindikulemberani kuti mubwerere mwanayo. Mubwerere munthu amene wagona mumdima chifukwa cha ntchito yanu, ndipo sakudandaula.

Rakele


Lilongwe, 31 Januwale 2023

Rakele, mng'ono wanga,

Ndafika dzulo usiku. Makalata ako onse awiri ndinawalandira ndikali ku Joni. Ndinayamba kuyankha kangapo n'kumang'amba. Poyamba ndinakwiyira alamu, n'zoona. Kenaka ndinakumbukira amene anagula magalasi. Zoti nang'omba amamenyana ndi zenera ndinaziwerenga kalekale kusukulu, ndinalembapo ndi mayeso, koma sindinaganize kuti zingachitike pa nyumba ya bambo anga. Ndinakhala chete chifukwa cha manyazi, osati mkwiyo. Uwauze alamu kuti tsiku lija sindinkaimbira magalasi, ndipo sindidzawafunsa za magalasi mpaka kalekale.

Ndikubwera Loweruka, ngakhale galimoto ikanike m'matope ndidzatsiriza wapansi. Anzanga a ntchito adzanditsatira sabata yamawa ndi kamera ya pa ndodo yaitali, yosuzumira m'mphako popanda kukwera mtengo. Ine ndidzagona m'chipinda cha abambo, ndipo wowatembenuza ndidzakhala ine, iwe udzapume.

Chinthu china. Kumene ndinali andiphunzitsa kuti mwana wachiwiri uja sayenera kufa. Anthu odziwa amamuchotsa m'chisa akali wamasiku ochepa, n'kumulera pamanja mpaka atakula. Chaka chino tachedwa. Koma masiku onse amene ndinkadyetsa tiana timeneto ndinkaganiza za iwe.

Uwalembere abambo kuti mlendo wina akubwera, wosaswa magalasi.

Mkulu wako,
Talandira


Msakambewa, 16 Epulo 2023

Achemwali,

Mwadzuka bwanji? Chifuwa munachoka nacho chija chinatha? Ife tilipo. Chiikireni maliro a abambo mwezi wathawu, nyumba yakula. Ndimadzukabe m'mawa n'kuyamba kutereka phala la munthu mmodzi, kenaka ndimakumbukira. Ndikuthokoza kuti masabata awo otsiriza munali pambali pawo. Kachithunzi ka mwana wa m'mphako kamene anzanu anawaonetsa pafoni kaja, ankandifunsa za iko mpaka tsiku lomaliza kulankhula. Munali mutapita kumjigo nthawi imeneyo, ndiye simunamve. Anati ndi wonyansa ngati nkhuku yosula, koma Mulungu amukonza.

Akuluakulu a ntchito yanu anabweranso kudzakamba za mkuyu, ndipo mudzi wavomera kuti usadulidwe. Anafunsa woti aziuyang'anira. A Moffat anaimirira asanamalize kufunsa. Ena anaseka, akuti fisi amupatsa khola la mbuzi, koma iwo sanakhale pansi.

Za kundilera pamanja zija, ndakula, achemwali, nthenga zinamera kale. Koma Takondwa wanga akulemba mayeso a Sitandade 8 chaka chino, ndipo ndi wachiwiri kubadwa. Mukadzabwera mudzakambe naye.

Tsopano nkhani imene ndalembera. Lachinayi m'mawa ndinali pakhonde kutong'ola chimanga choyamba. Ndinamva kugunda kudambo, koyamba chifereni wamkulu uja. Mawu ake ndi osakhwima, ngati mnyamata amene angomulowetsa kwaya ya madoda, koma ndi kugunda ndithu. Posakhalitsa ndinawaona akukwera m'mphepete mwa munda, pang'onopang'ono monga amayendera. Patsogolo wachinyamata uja, kenaka wamkazi, kenaka winayo. Pambuyo penipeni panali wina wotuwa pakhosi, wopanda chofiira, akupunthwa m'mapesi n'kumalirira chakudya. Ndinaitana a Moffat ndi dzanja. Tinaima chilili.

Anadutsa pabwalo lathu. Wotsogola uja anaima pansi pa zenera la abambo, anatukula mutu, anayang'ana matope, n'kupitirira ulendo. Mwana uja anatsatira.

Ndinalowa m'chipinda muja ndekha. Bedi tinachotsa, mwangotsala mphasa ndi ndodo yawo. Ndinaika chikhato pa galasi mmene ankachitira, ndipo kutsidya kwa khola wachinyamata uja anagundanso. N'zoona, achemwali, zimamveka m'dzanja.

Azakhali akuti tsopano titsuke mazenera, mwini wake anapita, mwana watuluka, nyumba yaoneka ngati ya amisala. Abambo anati mpaka mwana atatuluka, n'zoona, koma sanadziwe kuti anang'ombawo adzadutsa naye pakhomo pomwe. Mvula yotsiriza ya dzana inakokolola mbali imodzi, ndipo a Moffat apakanso lero m'mawa.

Pa pepala lanu lija mulembe kuti kwa Filipo alipo anayi. Matope sitichotsa.

Mng'ono wanu,
Rakele